Ndinachotsa Pulagini, Mtedza Sunamere

Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse amene mwabwera. Ndikuona ena mwachokera ku Ntaja, ena ku Ulongwe, ena ndinu a pompano pa Liwonde. Pa pepala la dongosolo alembapo kuti ine ndilankhule za kasamalidwe ka mapulagini, ndipo ndilankhuladi. Koma ndikangoyamba ndi malamulo, mulemba m'makope mwanumo, mawa muiwala. Ndiye mundilole ndiyambe ndakuuzani kumene ndinawaphunzira malamulowo, chifukwa sikunali ku koleji iyayi.

Dzina langa ndine Sitefano, kwathu ndi kwa Nsamala. Nditamaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre ndinabwerera kuno, ndipo ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina la alimi ochulukitsa mbewu. Dzina lake sinditchula. Nyumba yosungiramo mbewu inali kuno ku Liwonde, mamembala anali mbali zonse ziwiri za Shire, ena kwathu kwa Nsamala, ena kwa Mposa. Alimi ankabweretsa mtedza, nandolo ndi soya. Bungwe linkasankha mbewuzo, kuyesa ngati zikumera bwino, kenako n'kuzigawanso kwa mamembala mvula isanagwe.

Kwa inu amene mwangoyamba kumene ntchito yathuyi, sisitemu imene ndinawaikira ndi yomwe ija ambirife tikugwiritsa ntchito, yaulere, imene aliyense angathe kuitsegula m'kati n'kuisintha. Imabwera ndi thunthu lake, lolemba katundu wolowa ndi wotuluka. Zina zonse umachita kuwonjezera wekha, tizigawo timene timati mapulagini. Ukafuna kuti izitumiza mauthenga pa foni, umaikapo pulagini. Ukafuna kuti izisindikiza timapepala tomata pa matumba, pulagini ina. Kuika n'kosavuta. Kuchotsanso n'kosavuta, ndipo ngozi yake ili pomwepo.

Wosunga nyumba ya mbewu anali mayi wina wa kwa Mposa, Abiti Jafali. Anagwira ntchitoyo zaka zambiri ine ndisanabwere, ndipo bambo awo, Che Jafali, anali mmodzi mwa alimi amene anayambitsa bungwelo. Mayiwa anali ndi kope lachikuto cholimba ndi choko chofiira. Gulu lililonse la matumba limene lalephera kumera poyesa, ankalilemba m'kopemo, n'kukajambula mzere waukulu wofiira pa thumba lililonse. Mbewu yoteroyo sinkapita kumunda. Inkagulitsidwa kuti anthu akadye.

Ine ndinapeza pulagini yochita ntchito yomweyo. Mlangizi wa zaulimi akayesa mbewu, ankalowetsa zotsatira m'kompyuta. Gulu lolephera linkasanduka lofiira pa sikirini, ndipo sisitemu inkakana kulitulutsa ngati mbewu. Inali pulagini yabwino, sindingainamizire. Cholakwa changa choyamba chinali chakuti ndinapita kwa manijala wathu, a Mangani, n'kuwauza kuti kope ndi choko zithe, chifukwa zikuchititsa manyazi alendo akabwera.

Abiti Jafali anayesa kukana. Anati, "Che Sitefano, choko sichisowa magetsi."

Ine ndinaseka. Ndinati, "Mayi, choko n'cha ku pulayimale."

"Chabwino. Inu ndinu ophunzira."

Kope analiika m'kabati. Ndinawaphunzitsa kompyuta, ndipo anaigwira msanga kuposa onse mu ofesimo.

Kuyambira pamenepo mutu wanga unakula. Anthu anayamba kunditchula kuti Injiniya. Ndikangoona pulagini yatsopano pa intaneti, ndinkaiika tsiku lomwelo, mu sisitemu yeniyeni imene anthu akugwirira ntchito, osayamba ndaiyesa pena. Ina yosintha mitundu ya sikirini, ina yojambula mapu a minda, ina yokumbutsa masiku obadwa a mamembala. Amene anailemba sindinkafufuza. Kuti imadalira pulagini iti, sindinkawerenga. Mndandanda ndinalibe. Munthu akanandifunsa kuti mu sisitemumo muli chiyani, ndikanangomwetulira, chifukwa inenso sindinkadziwa. Lachisanu lililonse tikaweruka ndinkapita kukamwa ndi anzanga kufupi ndi depoti. Posakhalitsa Lachisanu linayamba kutha Lamlungu. Mkazi wanga Aginesi ankandilankhula, ine n'kumamuuza kuti ntchito yamutu imafuna kupumulitsa ubongo.

Ndiye linafika Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala. Mukudziwa mmene Liwonde amatenthera nthawi imeneyo. Ndinafika kuntchito ndi matsire, mutu ukugunda. A Mangani anandiitana n'kunena kuti sisitemu ikuchedwa kwambiri, tsamba limodzi likumatenga mphindi kuti litseguke, pamene kwatsala milungu itatu kuti tiyambe kugawa mbewu. Ndinawauza kuti pofika masana zikhala zitatheka.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuchotsa mapulagini amene ndinkaona kuti ndi achabe. Ndinachotsa ya masiku obadwa. Ndinachotsa ya mapu. Ndinafika pa ina yakale yopanga manambala a magulu a matumba, ndipo ndinaganiza kuti sitiigwiritsanso ntchito. Nditadina, panabwera chenjezo. Linkanena kuti ndikachotsa imeneyi, zichokanso zina zimene zimaidalira, pamodzi ndi zonse zimene zinasunga. Pansi pake panali mayina atatu. Sindinawawerenge. Ndinali nditaona machenjezo otero kambirimbiri m'mawa umenewo, ndipo ndinkafuna kukamwa madzi ozizira. Ndinadina kuti inde.

Sisitemu inayamba kuthamanga. A Mangani anandigwira chanza.

Mawa lake ndinatsegula tsamba la mbewu, ndipo panalibe chofiira paliponse. Limodzi mwa mayina atatu aja linali la pulagini ya kameredwe. Ndinaibwezeretsa msangamsanga, inabweradi, koma inabwera yopanda kanthu. Zotsatira zonse za kuyesa kwa chaka chimenecho zinali zitapita, ndipo gulu lililonse linkaoneka ngati labwino. Ndinathamangira ku disiki imene tinkayenera kusungiramo kope la sisitemu yonse mlungu uliwonse, loti tizibwezeretsera zinthu zikafufutika. Disikiyo inali kunyumba kwanga, nditaidzaza mafilimu ndi mpira. Kope lomaliza linali la mwezi wa Meyi, mbewu isanayesedwe n'komwe. Mlangizi amene anayesa anali atapita kukawonjezera maphunziro, ndipo pepala analibe, chifukwa ndine ndinawauza kuti azilowetsa molunjika m'kompyuta.

Apa ndipemphe mumvetsere bwino. Mpaka pamenepa ndinali nditangolakwitsa, monga aliyense wa inu angalakwitse. Kuyesa mbewu kumatenga masiku osapitirira khumi. Tinali ndi milungu itatu. Ndikanangogogoda pa chitseko cha a Mangani n'kunena kuti bwana ndawononga, akanandikalipira, mwina akanandipatsa kalata ya chenjezo, mbewu ikanayesedwanso, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinaimadi pa chitsekocho. Ndinamva akulankhula pa foni, akuuza munthu wina kuti ali ndi mnyamata wanzeru kwambiri pa makompyuta. Ndinabwerera kukakhala pampando wanga.

Tsiku lomwelo masana Abiti Jafali anabwera ku desiki yanga.

"Che Sitefano, mtedza wa pakona uja unali wofiira m'kompyuta. Lero ukuoneka woyera. Chachitika n'chiyani?"

"Anauyesanso, wapezeka kuti ndi wabwino."

"Anauyesanso liti? Ine sindinaone munthu akutapa m'matumbamo."

"Mayi, pakati pa inu ndi kompyuta, amadziwa zambiri ndani?"

Anandiyang'ana kanthawi, n'kukonza mpango wawo kumutu, n'kutuluka. Ndinadziuza kuti mwina mtedzawo sunali woipa kwenikweni, mwina umera ndithu.

Mtedza wa pakona uja unagawidwa. Wina unapita kwa Mposa, wina unawoloka Shire kupita kwathu. Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, anthu anadzala. Patatha milungu iwiri alimi anayamba kufika ku ofesi, ena pa njinga, ena wapansi. Bambo wina wachikulire anabwera ndi dothi m'kathumba ka shuga, analikhuthulira pa tebulo la a Mangani, ndipo munali mtedza wowola, wakuda. Anati pa mzere wathunthu pamamera mbewu ziwiri kapena zitatu. Nthawi yodzalanso mtedza inali itadutsa.

Komiti inakhala pansi. Anandiitana kuti ndifotokoze zimene sisitemu ikuonetsa. Inu mukudziwa kuti sisitemu imalemba m'kati mwake aliyense amene wakhudza chinthu, ndi nthawi yake. Ndinasindikiza tsamba loonetsa kuti matumba aja anatulutsidwa ndi dzina la Abiti Jafali. Zinali zoona, anatulutsa ndi iwowo, inali ntchito yawo. Tsamba loonetsa zimene ndinachita ine Lolemba lija sindinasindikize. Ndinawonjeza kunena kuti wosunga nyumba akafuna angathe kudutsa loko wa m'kompyuta woletsa mbewu yolephera ndi pasiwedi yake. Limenelo linali bodza, koma m'chipindamo munalibe wina wodziwa kutsutsa.

Abiti Jafali anaimirira n'kunena kuti, "Ine ndinawafunsa Che Sitefano. Anandiuza kuti mtedzawo unayesedwanso."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinati, "Sindikukumbukira kuti tinakambapo zimenezo."

Abiti Jafali sanatsutse. Anangokhala pansi. Anachotsedwa ntchito mlungu womwewo, ndipo mphekesera inayenda m'midzi kuti anagulitsa mbewu yabwino kwa mavenda n'kugawira alimi mtedza wodya.

Zimene zinatsatira sindizitalikitsa. Munthu amene wachita zimene ndinachitazo sakhala bwino ndi mutu wopanda mowa. Ndinasiya wa m'mabotolo n'kuyamba kachasu, poyamba poweruka, kenako ndisanapite kuntchito. Sisitemu ndinkaiopa kuikhudza. Patatha miyezi ingapo ndinayesa kuikweza kuti ikhale yatsopano, mapulagini anga osadziwika kochokera aja anakana kugwirizana nayo, ndipo zonse zinaima kwa milungu iwiri. A Mangani anandipeza nditagona pa desiki, fungo lili m'chipinda chonse. Ntchito inatha. Aginesi anapirira mpaka tsiku limene ndinagulitsa makina ake osokera, ndipo anatenga mwana wathu n'kupita kwawo ku Ulongwe. Ena mwa inu munandiona nthawi imeneyo pa depoti, nditakhala pa benchi ya munthu wokonza mafoni, ndikuikira anthu nyimbo m'mamemore khadi kuti ndipeze ya kachasu. Amene ankanditchula Injiniya ankanditchulabe choncho, koma akuseka.

Chaka chotsatira, mvula ili pafupi, m'nyumba ya lendi ananditulutsa, ndipo ndinalibe kwina kopita koma kwa mayi anga kwa Nsamala. Bambo anamwalira kalekale, mayi amakhala okha. Nawonso anali membala wa bungwe lija, ndipo nawonso analandira mtedza wa pakona uja. Zimenezo ndinkazidziwa, n'chifukwa chake ndinatha pafupifupi chaka osapondako.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pa mkeka, pambali pawo pali beseni lobooka lodzaza mchenga. Anali atagula mtedza wambewu kumsika, ndipo ankatenga njere imodziimodzi n'kumaikwirira mumchengamo ndi chala. Atandilonjera, ndinawafunsa chimene akuchita.

"Ndikuyesa ngati umera. Chiyambire chaka chija sindidzalanso chinthu ndisanachione ndi maso anga."

Ndinakhala pa njerwa.

Iwo anapitiriza, maso ali pa beseni. "Chaka chija tinavutika, Sitefano. Ine bola ndinadzalamo mbatata mochedwa. Amake Luka kuseriku analibe ngakhale mbewu ya mbatatayo, anakhalira ganyu mpaka Epulo. Koma mayi wosunga mbewu uja ndimamupempherera. Ndikamachita korona m'mawa ndimamutchula, kuti Mulungu amukhululukire, chifukwa kubera amasiye mbewu si tchimo laling'ono."

Anakwirira njere ina, n'kuwonjeza kuti, "Mwamwayi iwe unalipo, unamuulula. Ndimawauza anzanga kumphakati wathu wa tchalitchi kuti pakanapanda mwana wanga, mpaka lero akanakhala akutibera."

Ndatukwanidwapo pa depoti, ndagonapo m'ngalande, koma palibe chimene chinandipweteka ngati mawu amenewo. Mayi anga, amene mowa wanga ankaudziwa, amene ankadziwa kuti mkazi wandithawa, anali atasunga chinthu chimodzi chonyadira nacho mwana wawo, ndipo chinthucho chinali bodza.

Ndinati, "Amayi, mayi uja sanabe kanthu."

Anakweza mutu.

"Ndine ndinafufuta zotsatira za mbewu m'kompyuta. Sindinachite dala, koma nditazindikira ndinabisa. Anandifunsa, ndinawanamiza. Ku komiti ndinawakankhira mlandu."

Nkhuku inabwera kudzajompha m'beseni, mayi sanaiingitse. Kenako anapukuta mchenga m'manja mwawo pa chitenje.

"Ndiye chaka chonsechi ndakhala ndikupempherera munthu wolakwika."

"Inde, amayi."

"Ali moyo?"

"Ndikuganiza choncho. Anabwerera kwawo kwa Mposa."

"Lero ugone, usambe. Mawa ukwere minibasi. Ukapanda kupita, pakhomo pano usadzabwerenso, ndipo ine ndipita ndekha."

Sanakuwe, sanalire. Anadzuka n'kukandithirira madzi osamba.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka pa Liwonde. Titawoloka mlatho ndinaona anzanga omwa nawo atakhala pamalo pathu paja, ndipo kunena zoona miyendo inafuna kutsika. Ndinagwira mpando wakutsogolo kwanga mpaka tinadutsa. Ndinatsikira pa msewu wa ku Zomba n'kukwera kabaza. Nditafika kwa Mposa ndinafunsa kawiri nyumba ya Abiti Jafali, ndipo kachiwiriko mayi wina anandiyankha kuti, "Abiti Jafali wa mtedza uja?" Ndinadziwa kuti dzina limene ndinawapatsa linawamatirira.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akupeta mpunga. Anali ataonda. Atandiona anaika lichero pansi, anandiyalira mkeka, anandilonjera mwaulemu ngati mlendo aliyense. Ine ndinalephera kukhala pa mkekapo, ndinagwada pa dothi. Ndinanena zonse, kuyambira Lolemba lija mpaka ku komiti. Mawu ankatuluka mosokonezeka, koma anandisiya mpaka ndinamaliza.

Anati, "Kuti munanama ndinkadziwa, Che Sitefano, poti ndinalipo pamene munkandiuza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'kompyutamo munachitika chiyani. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kapena ndine ndinadina pena molakwika, chofiira chija n'kuchoka. Ndimati mwina ndinaphunzira zinthu zoposa msinkhu wanga."

"Iyayi, mayi. Inu simunalakwitse paliponse. Munaona vuto tsiku loyamba, ndipo munafunsa munthu woyenera."

"Ndiye sindinadine molakwika?"

"Iyayi."

Anatseka maso n'kunena mawu ena m'Chiyao motsitsa, othokoza Mulungu. Atatsegula anandiuza chinthu chimene ndimayenda nacho mpaka lero.

"Bambo anga anamwalira m'mwezi wa Ramadani wapitawu. Iwo ndi amene anandilowetsa m'bungwe lija. Sanandifunsepo ngati ndinaba, ngakhale tsiku limodzi. Koma anasiya kupita ku misonkhano ya alimi, ndipo Lachisanu ankapita kukaswali ku mzikiti wa mudzi wina, kumene anthu sakuwadziwa bwino. Munthu wokalamba, kuyenda mtunda wonse uja. Mukanabwera miyezi isanu yapitayo, mukanawapeza."

Ndinangoti andikhululukire.

"Kukhululuka ndi nkhani ya ine ndi Mulungu wanga, ndiona. Koma mawu amenewa simunawabweretse pamalo pake. Simunandinamizire kuseri kwa nyumba. Munandinamizira pamaso pa anthu. Mukawanene pamaso pa anthu omwewo."

Anandipatsa madzi akumwa, n'kutenganso lichero lawo.

Patatha milungu iwiri kunali msonkhano waukulu wa mamembala. Ndinapita kwa a Mangani kukapempha mphindi zisanu. Nditawauza chifukwa chake, anati, "Iwe, ukudziwa kuti ndine ndinasayina kalata yowachotsa?" Anandipatsa mphindizo. Ndinaima pamaso pa alimi a mbali zonse ziwiri za Shire, mayi anga atakhala kutsogolo, Abiti Jafali atakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ndinanena zonse zimene ndakuuzanizi. Ena anati andipereke kupolisi. Bambo wa dothi m'kathumba uja anaimirira n'kunena kuti polisi sibweza mvula ya chaka chija. Anagwirizana kuti alembe kalata yoyeretsa dzina la Abiti Jafali, ikawerengedwe m'midzi yonse ya mamembala, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Ine anandiletsa kudzakhudzanso kompyuta ya bungwelo. Ngati chilango chimenecho chinali chokwanira, sindikudziwa. Ntchito ya Abiti Jafali inali itapatsidwa kale kwa munthu wina, amenenso analibe mlandu, ndiye sanabwerere.

Kuchoka pamenepo ulendo unali wapang'onopang'ono. Mowa sunathe chifukwa choti ndaulula iyayi. Ndinakhala kwa mayi miyezi isanu ndi umodzi, ndikulima. Ku parishi kwathu kuli kagulu ka abambo amene anasiya kumwa, timakumana Loweruka m'mawa, ndipo ndinalowa. Ndinagwa kamodzi n'kumwanso, pa ukwati wa msuweni wanga, ndipo Loweruka lotsatira ndinakanena ndekha asanandifunse. Ndinaphunzira kuti kwa ine kubisa ndi kumwa zimayendera limodzi. Ndikayamba kubisa kanthu kakang'ono, ludzu limabwera. Aginesi anabwerera patatha chaka, ankhoswe atakhala pansi kawiri. Makina osokera ndinamugulira ena, koma mpaka lero amawakiya m'chipinda, ndipo sindimuimba mlandu.

Ntchito ndinayambiranso kwa bambo wina wogulitsa zipangizo zaulimi ku Balaka. Ndinamuuza mbiri yanga yonse tsiku loyamba. Anati popeza ndanena ndekha, andiyesa. Lero ndimasamala masisitemu a masitolo anayi ndi kabungwe kamodzi ka alimi a mpunga. Tsopano tsegulani makope aja.

Sindiika kapena kuchotsa pulagini mu sisitemu imene anthu akugwirira ntchito ndisanayese pa kope lake. Ndili ndi laputopu yakale imene ntchito yake ndi yomweyo basi. Chilichonse chimayamba chachitikira pamenepo, ndipo ndimaitana amene amagwiritsa ntchito gawolo tsiku ndi tsiku kuti adzaone ngati zonse zilipo. Wosunga katundu amaona msanga chimene chasowa kuposa ine.

Chenjezo likabwera ndimaliwerenga mokweza, dzina lililonse. Anzanga amandiseka, koma ndimawerengabe. Mapulagini amadalirana, ndipo kakale kooneka kopanda ntchito kangathe kukhala kamene kanyamula zinzake. Dziwaninso kuti kubwezeretsa pulagini sikubweza zimene inasunga. Ngati simukuifunanso koma muli ndi chikayiko, ibiseni kuti anthu asaione, musaichotse.

Ndisanakhudze chilichonse ndimatenga kope la sisitemu yonse, ndipo kamodzi pa mwezi ndimayesa kulitsegula kopelo pa laputopu ija. Kope limene simunayesepo kutsegula musalidalire. Disiki yake imakhala m'kabati ya mwini ntchito, makiyi ali ndi iyeyo, osati ine.

Paliponse pamene ndimagwira pali buku lolembamo pulagini iliyonse: dzina lake, kumene ndinaitenga, amene anaipempha, zimene imadalira, ndi tsiku limene inalowa. Ngati palibe amene waipempha, siilowa, ikongole bwanji. Ngati amene anailemba anasiya kuikonza zaka zapitazo, siilowa, chifukwa tsiku lokweza sisitemu idzakugwetsani. Ndipo pochotsa timakhala awiri, ine ndi mwini ntchito, onse n'kusayina m'bukumo.

Chinthu chimene chikalakwika anthu angagone ndi njala, musachisiye m'kompyuta mokha. Thumba lolephera lilembedwe pathumba pomwepo. Musamunyoze munthu amene akufuna kusunga pepala lake.

Chomaliza si cha makompyuta. Tsiku limene mudzawononge, pakuti lidzafika, mudzanene tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ine chimene ndinawononga ndi chala chinali chotheka kukonza m'masiku khumi. Chimene ndinawononga ndi pakamwa sichinakonzeke.

Chaka chino mwini sitolo wa ku Balaka uja anatsegula nthambi kuno ku Liwonde, ndipo ankafuna wosunga katundu. Ndinamuuza kuti ndikudziwa munthu amene sangamupeze wina wofanana naye. Ndinakwera kabaza kupitanso kwa Mposa, ndikuganiza kuti mwina pano ndibwezako kanthu. Abiti Jafali anandimvetsera mpaka kumapeto. Anandithokoza. Kenako anati, "Iyayi, Che Sitefano. Kalata ija inawerengedwa, anthu amandipatsa moni tsopano, zimenezo zandikwanira. Koma kukhalanso pamalo poti chinthu chikasowa aziyang'ana ine, mtima umenewo ndilibenso. Mupatseni wina."

Ndinawafunsa ngati pali china chilichonse chimene ndingachite. Anaganiza pang'ono.

"Mumaphunzitsa anzanu za makompyutazi?"

"Nthawi zina amandiitana."

"Ndiye muziwauza kuti munthu wosaphunzira akawafunsa funso, azimuyankha zoona."

Ndawauza, Abiti Jafali. Tikatuluka kukamwa tiyi, ine ndikhala pakhomo paja. Ngati pali wina amene anachotsa kanthu mlungu uno ndipo sanauze aliyense, abwere ndi laputopu yake tione limodzi, kenako ndimuperekeza kwa abwana ake. Zikomo pondimvetsera.